Adamutcha Chinthu: Za Kabuku Koyamba ka Fantastic Four

Pa 8 Ogasiti 1961, m'masitolo ogulitsa nyuzipepala ku America mudafika kabuku ka nthano ya zithunzi, ka mtengo wa masenti 10, kosindikizidwa pa pepala lotsika limene silichedwa kufiira. Pachikuto pake padali chilombo chobiriwira chikutumphuka pansi pa msewu wa mumzinda, ndipo anthu anayi akulimbana nacho. Dzina la kabukuko lidali Fantastic Four, ndiye kuti Anayi Odabwitsa. Ngakhale kadatuluka mu Ogasiti, pachikuto adalembapo mwezi wa Novembala, monga mwa chizolowezi cha osindikiza a kumeneko. Palibe adaganiza kuti kadzakhalitsa, pakuti ana ankawerenga timabuku totere, nkusinthana, nkutaya. Komabe m'chaka cha 2024 kope limodzi losungidwa bwino lidagulidwa pa mtengo woposa madola 2 miliyoni, ndipo odziwa mbiri amavomerezana kuti pa kabuku aka ndi pamene padayambira nyumba ya Marvel, kumene kudachokera Spider-Man, Avengers ndi Black Panther, amene ana athu amaonera pa wailesi ya kanema ndi pa mafoni.

Mwina ena mwa awerengi athu afunsa kuti: kodi tsamba lino lasowa nkhani, kuti lero likambe za timabuku ta ana? Ayi ndithu. M'masamba 25 a nthanoyi muli anthu awiri ovulazidwa ndi bala limodzi: onse awiri ndi oipa nkhope, onse awiri anthu amawathawa. Wina adasanduka mpulumutsi wa anzake, wina mdani wa dziko lonse. Chimene chidawasiyanitsa chikukhudza banja lililonse ndi mphakati uliwonse. Tiyeni tsono tione kumene kabukuka kadachokera, zimene kakunena, ndi zimene kadalephera kunena.

Nyengo imene kadabadwira

Nthano za ngwazi za mphamvu zodabwitsa zidayamba m'chaka cha 1938, pamene Superman adaonekera koyamba, ndipo zidafala kwambiri pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, osindikiza adatembenukira ku nthano za umbanda ndi zoopsa, zina mwa izo zonyansa zedi. Makolo adada nkhawa, ndipo Akatolika adali patsogolo pa odandaulawo. Aepiskopi a ku America adali atakhazikitsa kale, m'chaka cha 1938, bungwe loyang'anira zowerenga, lotchedwa National Organization for Decent Literature, limene linkatulutsa mndandanda wa mabuku osayenera. Mu Disembala 1948 ana a sukulu ya Patrick Woyera mumzinda wa Binghamton, m'chigawo cha New York, adasonkhanitsa mulu wa timabuku totere nautentha pabwalo la sukulu. M'chaka cha 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, adalemba buku lonena kuti timabukuti tikuononga ana. Aphungu a nyumba ya malamulo ya Senate adaitana osindikiza kukawafunsa, ndipo chaka chomwecho osindikizawo adadziikira malamulo okhwima, otchedwa Comics Code. Makampani ambiri adagwa, ndipo ojambula ambiri adasowa ntchito.

Tisaganize kuti Akatolika adangotentha basi. Kuyambira 1946 mpaka 1972 m'masukulu a maparishi a ku America munkafika magazini ya zithunzi ya Chikatolika yotchedwa Treasure Chest. Eklezia sadadanepo ndi zithunzi, iye amene kwa zaka mazanamazana waphunzitsa anthu osadziwa kuwerenga kudzera m'mazenera a matchalitchi ndi m'zithunzi za Njira ya Mtanda. Nkhawa yake idali pa zimene zithunzizo zinkathira m'mitima ya ana.

Imodzi mwa makampani amene adatsala movutikira idali ya Martin Goodman ku New York. Kuyambira 1957 iye ankaloledwa kutulutsa timabuku tisanu ndi titatu tokha pa mwezi, chifukwa amene ankamufalitsira malonda ake adali a kampani yopikisana naye, imene lero imatchedwa DC. Zambiri mwa nthano zake zidali za zilombo zogumula mizinda. M'chaka cha 1960 opikisana nayewo adasonkhanitsa ngwazi zawo, monga Superman, Batman ndi Wonder Woman, m'gulu limodzi la Justice League of America, ndipo malonda adayenda bwino. Goodman ataona izi adauza mkonzi wake kuti nayenso apeke gulu lakelake.

Kunja nako kudali kosautsa. Pa 12 Epulo 1961 Yuri Gagarin wa ku Soviet Union adakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi m'mlengalenga. Pa 25 Meyi Pulezidenti John Kennedy adalonjeza kuti America idzatumiza munthu ku mwezi zaka khumizo zisadathe. Patangopita masiku asanu kabuku kathu katatuluka, pa 13 Ogasiti, mzinda wa Berlin udadulidwa pakati ndi mpanda. Anthu ankagona ndi mantha a bomba la atomiki. Mantha onsewa akuoneka m'kabukumu.

Amisiri awiri

Mkonzi uja adali Stan Lee, amene dzina lake lobadwa nalo lidali Stanley Lieber. Adabadwa m'chaka cha 1922, mwa makolo achiyuda ochokera ku Romania, ndipo adalowa ntchito kwa Goodman akali mnyamata. Pofika 1961 adali atatopa ndi kulemba nthano zimene iye mwini ankaziyesa zachibwana. Wojambula adali Jack Kirby, wobadwa m'chaka cha 1917 ndi dzina la Jacob Kurtzberg, mwana wa Myuda wochokera ku Austria amene ankagwira ntchito m'fakitale ya zovala. Kirby adakulira m'dera la amphawi la Lower East Side, kumene anyamata a msewu uwu ankamenyana ndi a msewu uwo pafupifupi tsiku lililonse. Iye ndi mnzake Joe Simon ndiwo adapeka Captain America, amene adaonekera akumenya Hitler chibakera pachikuto cha Malichi 1941, America isadalowe nkhondo. Pambuyo pake Kirby adapita yekha ku nkhondoko, nakamenya ku France m'chaka cha 1944, ndipo adabwerako miyendo itavulala ndi chisanu.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kadali kachilendo. M'malo moti mlembi alembe zonse, wojambula nkumangotsatira, awiriwa ankayamba akambirana mutu wa nthano. Kirby ankapita kukajambula masamba onse, akulongosola yekha mmene nkhani iyendere, ndipo Lee ankadzaika mawu m'kamwa mwa anthuwo pomalizira. Njira imeneyi idabala nthano zamoyo, koma idabalanso mkangano umene tiuone kutsogoloku.

Zimene zili m'kabukumu

Nthano ikuyamba ndi utsi wolemba dzina la gululo kumwamba kwa mzinda wotchedwa Central City. Munthu wina wosaoneka bwino nkhope waombera chizindikirocho pazenera, kuitana anzake atatu. Susan Storm, amene akumwa tiyi kwa mnzake, akuzimirira osaonekanso, nakwera takisi, woyendetsa nkuthawa ndi mantha poona ndalama zikuyandama zokha. Ben Grimm ali m'sitolo ya zovala, kumene kulibe chovala chomukwana. Akuvula chikhoti chake, ogulitsa akukomoka, apolisi akumuombera, ndipo iye akuthawira m'ngalande za pansi pa msewu. Johnny Storm, mlongo wake wa Susan, akukonza galimoto. Thupi lake likuyaka moto, galimoto ikusungunuka, iye nkuuluka. Ndege za nkhondo zikumuthamangitsa, ndipo akupulumuka chifukwa cha manja aatali otanuka ngati mphira, a mwini kuitana uja, Dokotala Reed Richards.

Apa nthano ikubwerera m'mbuyo kutiuza mmene zidayambira. Reed, katswiri wa sayansi, adapanga chombo chopita m'mlengalenga, nafuna kuti bwenzi lake Ben achiyendetse. Ben adakana, ponena kuti cheza choopsa cha kumwambako sichidafufuzidwe mokwanira ndipo chingathe kuwapha onse. Koma Susan, wotomeredwa ndi Reed, adati nkofunika kufulumira kuti achikomyunizimu asawapitirire, ndipo adatcha Ben wamantha. Mawu amenewo adamulasa, ndipo adavomera. Usiku adazemba alonda, nakwera anayiwo. Chimene Ben adaopa chidachitikadi: cheza chija chidabowola chombo, ndipo adagwa pansi ali amoyo koma osinthika. Susan adayamba kuzimirira. Reed adatanuka. Johnny adayaka. Ben adatupa, khungu lake nkusanduka lokakala ndi lofiirira ngati dothi la katondo. Ndi ukali adazula mtengo kuti akanthe Reed, ndipo m'mawu ake mudatuluka chinsinsi chakuti nayenso ankamukonda Susan. Mkwiyo utaphwa, adasanjikiza manja, napangana kuti mphamvu zawo zikhale zothandiza anthu.

Gawo lotsiriza ndi la ntchito yawo yoyamba. Malo opangira mphamvu ya atomiki akumira m'nthaka m'maiko osiyanasiyana. Anayiwo akulondola gwero la zivomezizo mpaka pa chilumba cha zilombo, ndipo pansi pake, pafupi ndi chigwa cha miyala ya dayamondi yothobwa m'maso, akupeza kamunthu kakafupi kotchedwa Mole Man, Munthu-Mfuko. Iye akufuna kuononga mphamvu zonse za dziko la pamwamba, kenaka atulutse zilombo zake. Johnny akugumula mphanga ndi moto wake, anayiwo akuthawa pa ndege, ndipo chilumba chikuphulika, Munthu-Mfuko ali pansi.

Kulemera ndi kupepuka kwake

Tikakayesa pa sikelo, kabukuka kali ndi zofooka zoonekeratu. Munthu wanzeru ngati Reed sakadatenga bwenzi lake la chitomero ndi mlamu wake wachichepere pa ulendo wa imfa wotere, ndipo nthano sikutiuza chifukwa chomveka. Nkhondo yojambulidwa pachikuto mulibemo m'kati. Susan akupatsidwa zochita zochepa, monga zinkakhalira ndi akazi m'nthano za nthawiyo; mpaka 1985 ankatchedwabe mtsikana, ngakhale adali mayi wa mwana. Africa akutchulidwa ngati dziko la Afalansa chabe, malo oti chilombo chitumphukirepo, chonsecho maiko ambiri amene ankalamulidwa ndi France adali atalandira ufulu m'chaka cha 1960. Amisiri omwewa adadzakonza mbali ya cholakwa chimenechi mu Julayi 1966, pamene m'kabuku ka nambala 52 adaonetsa Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la Wakanda, yanzeru ndi yolemera kuposa alendo ake.

Komabe mphamvu ya kabukuka ndi yosabisika. Zithunzi za Kirby, ngakhale zojambulidwa mofulumira, zili ndi moyo: mukaona Ben akuphwanya chitseko, mumamva ngati matabwa akugwerani. Chachikulu koposa ndi ichi: ngwazi za Justice League zinkalankhulana mwaulemu, zosakangana, zofanana mtima ngati mazira a nkhuku imodzi. Anayi awa ndi anthu a pa banja: amanyozana, amachitirana nsanje, amasungirana mangawa. Alibe zophimba kumaso, ndipo m'timabuku tiwiri toyamba alibe ngakhale yunifolomu. Mphamvu zawo sizidadze ngati mphotho ya ungwiro, koma ngati chipatso cha kudzikuza ndi phuma. Taonani kuti amene adachenjeza anzake ndiye adalipira mtengo waukulu: Susan, Johnny ndi Reed angathe kubwerera ku maonekedwe awo akafuna, koma Ben sangathe. Ndipo Reed, mwini kulakwa, ndiye akudzisankhira dzina lonyada la Mister Fantastic. Aliyense amene adakhalapo pa mlandu wa pabanja akudziwa kuti nthawi zambiri zimayenda motero: wolakwa ndi wina, wosenza ndi wina.

Munthu ndi chinthu

Tafika tsono pa phata la nkhani. Ben atasinthika, Susan adakuwa ndi mantha kuti wasanduka chinthu. Pa nthawi yosankha maina, Ben adati iye salinso Ben, koma chomwe Susan adamutcha. Dzina lake lidakhala The Thing, ndiye kuti Chinthu. Chinenero chathu chimamva kuwawa kwa dzinali kuposa Chingerezi, pakuti kwa ife munthu ndi chinthu ndi mawu a tsinde limodzi, osiyana pa mphatikiram'mbuyo pokha. Chotsani mu, muikepo chi, ndipo amene adali mbale wasanduka katundu. Tikudziwanso kumene chinenero chimaika anthu amene atopetsa anzawo: chidakwa, chitsiru, chimbalangondo, chigawenga. Munthu akayamba kutchulidwa kuti icho, ndiye kuti anthu ayamba kale kusamba m'manja za iye.

Munthu-Mfuko akufotokoza mbiri yake m'zithunzi zochepa chabe, koma zosaiwalika. Mkazi wina adamukana momuseka chifukwa cha nkhope yake. Wolemba ntchito adavomera kuti ntchitoyo akuidziwa, koma adati angathawitse antchito ena. Wina adamufunsa mwachipongwe ngati wavala chophimba kumaso. Sadabe, sadaphe, mlandu wake udali nkhope. Atatopa, adanyamuka yekha kukafuna dziko la pakati pa nthaka, adagwera m'phompho, maso ake nkuonongeka, ndipo mumdimamo adakhala mfumu ya zilombo. Sadabadwe chilombo. Adachita kupangidwa ndi anthu aulemu wawo, aliyense ndi liwu limodzi lokha.

Ben Grimm akukumana ndi zomwezo: m'sitolo akumukomokera, mumsewu akumuombera, ndipo nayenso akuthawira pansi pa nthaka, m'ngalande. Ukali wake ndi wosachepa poyerekeza ndi wa Munthu-Mfuko. Nanga bwanji iye sadasanduke mdani wa anthu? Sikuti adali ndi mtima wofatsa. Yankho lili pa tsamba loyamba lenileni: chizindikiro chitaoneka kumwamba, chinkaitana iyenso. Padali anthu atatu amene ankamuyembekeza, amene ntchito yawo siikadatheka popanda iye. Adali anthu omwewo amene adamulakwira, ndipo iye sadaleke kuwakumbutsa. Koma dzanja lake lokakala lidalandiridwa pamwamba pa manja awo. Akuluakulu adati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Munthu-Mfuko adali yekha, ndipo adasandukadi kanyama ka m'nthaka.

Pano mpamene kabukuka kakulephera, ndipo kulephera kwake nkophunzitsa. Chilumba chitaphulika, mmodzi wa anayiwo akuti zakhala bwino motero, poti munthuyo adalibe malo m'dziko lathu, ndipo mwina akapeza mtendere pansipo. Mawuwa akumveka achifundo, koma ndi chifundo cha munthu amene watseka chitseko. Amene adamva mbiri yake yonse sadamuuze kuti: tiye kwathu. Ngwazi zidapulumutsa dziko, koma munthu zidamusiya. Mthenga Wabwino ukutionetsa njira ina. Pa mutu 5 wa Marko Woyera timamva za munthu wa ku dera la Agerasa amene ankakhala kumanda, woopsa, wodula maunyolo, amene anthu adamutaya. Ambuye Yesu adafunsa dzina, adamuchiritsa, ndipo pamene iye adapempha kutsagana nawo, adamutumiza kwawo, kwa abale ake. Kuchira kwake sikudathere pa kutuluka kwa mizimu yoipa. Kudakwanira pamene adapezanso khomo lolowapo.

Zimene zidatsatira

Owerenga adakonda Ben kuposa onse, ndipo amisiri aja adazindikira kuti chuma cha nthano yawo chili pa banja. M'kabuku ka nambala 8, mu Novembala 1962, adabweretsa Alicia Masters, mtsikana wosaona, wosema ziboliboli, amene adakhudza nkhope ya Ben ndi manja nazindikira kufatsa kumene openya sadakuone. M'ka nambala 9 anayiwo adaluza ndalama zawo zonse, nathamangitsidwa m'nyumba chifukwa cha lendi, chinthu chimene sichidagwerepo Superman. Reed ndi Susan adakwatirana m'chaka cha 1965, ndipo mwana wawo Franklin adabadwa m'chaka cha 1968. Ben adachoka m'gululo kangapo ali wokwiya, ndipo nthawi zonse adabwerera. Chibale ndi fupa, sichiola.

Kirby ankanena poyera kuti Ben ndi iye mwini, mnyamata waukali wa m'misewu ya amphawi. Dzina lonse la Ben ndi Benjamin Jacob Grimm: Benjamin lidali dzina la bambo a Kirby, Jacob lake lomwe. M'chaka cha 2002 alembi a pambuyo adaulula m'nthano kuti Ben ndi Myuda, ndipo m'chaka cha 2018 adamukwatitsa kwa Alicia mwa mwambo wa Chiyuda. Tikakumbukira kuti amisiri onse awiri adali ana a mtundu umene, zaka 20 zokha m'mbuyomo, udasandutsidwa manambala m'misasa ya Hitler, timvetsa kuti funso la munthu ndi chinthu silidali la masewera kwa iwo.

Mkangano wa eni nthano

Chomvetsa chisoni nchakuti amene adapeka banja losatayanali adalephera kusungana. Lee ndi Kirby adagwirira limodzi timabuku 102 ta Fantastic Four, koma m'chaka cha 1970 Kirby adachoka ku Marvel ndi mtima wowawa. Lee ankati maganizo oyamba adali ake, ndipo pepala limene adataipapo chidule cha nthano yoyamba lidasungika. Kirby ankati ndiye adabwera ndi gululo, ndipo ankaloza ku Challengers of the Unknown, anthu anayi opulumuka pa ngozi ya ndege, amene iye adajambulira DC m'chaka cha 1957. Chodziwika nchakuti Lee adatchuka dziko lonse ngati nkhope ya Marvel, pamene Kirby ankalipidwa pa tsamba pa tsamba, wopanda gawo pa phindu la anthu amene adawajambula. Adalimbana zaka zambiri kuti abwezeredwe zojambula za manja ake, ndipo m'chaka cha 1987 adalandira gawo lochepa chabe. Adamwalira m'chaka cha 1994. Kampani ya Disney idagula Marvel m'chaka cha 2009 pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni, ndipo mlandu wa ana a Kirby ndi kampaniyo udatha mwa mgwirizano m'chaka cha 2014. Lee adamwalira m'chaka cha 2018.

Si kwa ife kugamula za amene adapeka chiyani. Koma tizindikire kuti wantchito nayenso angathe kusandutsidwa chinthu, dzanja lojambula lopanda dzina. M'chaka chomwecho cha 1961 Papa Yohane XXIII, m'kalata yake ya Mater et Magistra, adaphunzitsa kuti malipiro asamangotsata mpikisano wa pamsika, koma chilungamo, ndi kuti antchito ayenera kukhala ndi gawo m'makampani amene akuwalemeretsa. Papa Yohane Paulo II adabwereza phunzirolo m'chaka cha 1981 mu Laborem Exercens, potsindika kuti munthu wogwira ntchito ndi woposa chuma chimene ntchitoyo imabala. Mbiri ya Kirby ikuchitira umboni kuti aphunzitsi athuwa sankanena za m'maluwa.

Phunziro kwa mabanja athu

Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica, chonena za njira zofalitsira nkhani. Chidakumbutsa makolo udindo wawo woyang'anira zimene zikulowa m'nyumba, komanso chidapempha owerenga ndi oonera, makamaka achinyamata, kuti aphunzire kumvetsa ndi kuweruza zimene akuona, pokambirana ndi aphunzitsi awo. Kuchokera pa moto wa ku Binghamton kufika apa padapita zaka 15 zokha. Pambuyo pake Marvel yemweyo adasindikiza mbiri ya Fransisko Woyera wa ku Assisi m'chaka cha 1980, kenaka ya Papa Yohane Paulo II, ndi ya Mayi Teresa wa ku Calcutta m'chaka cha 1984. Si zonse zotuluka m'nyumba imeneyi zili zoyenera ana. Muli chiwawa chambiri ndi zina zosemphana ndi chikhulupiriro chathu. Koma kholo limene limangoletsa osaona, mwana amaonera kuseri. Kholo limene likhala pansi ndi mwana nkumufunsa kuti, kodi munthu uyu adaipa chifukwa chiyani, nanga akadathandizidwa bwanji, lasandutsa nthano kukhala katekisimu.

Msonkhano womwewo udatcha banja kuti Eklezia wa m'nyumba. Tisayese kuti mawuwa akunena za nyumba yopanda mikangano. Apostoli adakangana za amene ali wamkulu. Paulo ndi Barnabasi adasiyana njira chifukwa cha Marko, komabe pambuyo pake Paulo yemweyo adaitanitsa Marko ngati mthandizi wofunika. Banja lachikristu silidziwika ndi kusakangana, koma ndi kusatayana. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Choncho, abale ndi alongo, pa msonkhano wa mphakati mwezi uno tidzifunse mafunso amene kabuku ka masenti 10 katisiyira. Ndani m'mudzi mwathu kapena m'dera lathu amene adaleka kuoneka, ndipo palibe adapita kukafunsa? Mwana wolumala amene amabisidwa kuseri alendo akafika, munthu wa khungu la chialubino amene amayenda ndi mantha, wodwala misala, wotuluka kundende, mtsikana amene adatenga mimba ali pa sukulu, nkhalamba imene akuiloza chala kuti ndi mfiti: kodi chizindikiro chathu chikakwera kumwamba, belu likalira, chimaitana iwonso? Kodi tili ndi ntchito imene tingawauze kuti siingatheke popanda iwo? Pa ubatizo aliyense wa ife adatchulidwa dzina, ndipo Mulungu saiwala dzina limene adaitana nalo mwana wake. Tisalole tsono kuti m'nyumba zathu ndi m'maparishi athu wina achotsedwe mu nkupatsidwa chi, kapena kuti titonthoze mitima yathu ponena kuti akapeza mtendere kumene wathawirako. Mtendere wake uli pakati pathu, ndipo ntchito yokamutenga ndi yathu.